Nsungwi zako zagwira dimba, Yamikani

Yamikani mwana wa achimwene, chitisiyire iwe, lero ndi loyamba kukukumbuka ndili kuseka. Ndi mvula ya dzulo ija mtsinje unasefukira, wakokolola madimba a anthu kumunsiku. M'mawa ndathamangira kudimba mtima uli m'mwamba, poti kabichi ameneyu ndiye akutidyetsa chaka chino. Ndapeza gombe lili chilili pamene unadzala nsungwi paja, mizu yagwira dothi osalitaya, kabichi ali bwinobwino. Ndaimba nthungululu ndekhandekha, mpaka anaPhiri a dimba loyandikana afunsa ngati kuli ukwati.

Ukukumbuka tsiku lija ndinabwera ndi chikwanje kuti ndidule nsungwi zonse ndiimikire tomato? Ndinakupeza ukuzimanga tinsanza. Kuyang'anitsitsa, ndi chitenje changa chomwe ndinayanika pachingwe. Ndinati, "Iwe, mutu uli bwino? Nsungwi zinayamba liti kuvala?" Iwe osatekeseka n'komwe, "Azakhali, yansanzayi ndi khanda, musaikhudze. Dulani zokhwima zokhazokha, pamwamba pa mfundo, kuti madzi asakhale m'chitsa n'kuchiwoletsa. Mukameta zonse, mtsinje udzakupezani pakhonde." Ndinalongolola sabata yonse, koma ndinadula mmene unanenera. Mpaka pano nsungwi zanthete ndimazimanga nsanza, koma za zitenje zakutha, ine si wowononga ngati iwe. Gona bwino mwanawe. Anthu omwe ankatiseka kuti tikuveka nsungwi abwera masana ano kudzapempha zitsa zokadzala m'magombe mwawo, ndipo ndawapatsa.