Mlongo Wanga ndi Nyenyezi Zakufa

Mlongo wanga wamng'ono anabwera pa sitima ya panyanja m'zaka zomalizira za ujamaa, ndondomeko ya boma yoti anthu azilima pamodzi m'midzi, atatsiriza maphunziro kunja. Ankayenera kungotiona n'kupitirira ku mzinda wa Dar kukayamba ntchito, koma mvula inadula msewu wa ku Mbinga, ndiye anakhala nafe ku Mbamba Bay dzinja lonse.

M'mawa ankapita nafe ku shamba la kijiji, munda wa mudzi wonse, kukapalira chinangwa. Khasu linamutulutsa matuza, iye osadandaula. Masana, ine ndikamayanika usipa, ankakhala patsinde pa mango n'kumajambula mizere yopingasana pamchenga ngati ukonde, n'kumalemba manambala pamfundo iliyonse. Amayi anada nkhawa mpaka anakauza ansembe kuti mwana wawo wabwera mutu utasokonekera.

Ine ndinangomufunsa. Anandiuza kuti nyenyezi yaikulu ikafa imadzigwera yokha, n'kupanikizika mpaka kachidutswa kokwana pasupuni kamalemera kuposa phiri. Anati m'kati mwa chinthu chilichonse muli tinthu totchedwa makwaki, timene timakhala titatutitatu osalekana, koma pakatikati pa nyenyezi yotere mwina timamasuka n'kusakanikirana ngati madzi. Palibe angapiteko kukaona, njira yake ndi masamu basi. Kusukulu kwawo kunali makina owerengetsera odzaza chipinda chonse, koma akawapatsa funso limeneli ankabweza zosamveka.

Ndinati, "Ndiye iwe pamchengapa upeza zimene zakanika makina?"

"Ayi, achemwali. Ndikungofuna kuona pamene akusocherera."

Kuyambira pamenepo ndinkayenda ngati wolota. Ndikapita kukatunga madzi dzuwa lili paliwombo, ndinkayang'ana kumwamba kuli mbee n'kumaganiza kuti kuseri kwake kuli nyanja ina yolemera, yopanda nsomba ngakhale gombe, ikungozungulira yokhayokha. Nthawi zina anzanga ankachita kundigwedeza paphewa, ndowa itadzaza kalekale ine ndili chiimire m'madzi.

Msewu utauma mlongo wanga anakwera lole yonyamula usipa, atakhala pamwamba pa matumba. Anakaphunzitsa ku Dar mpaka kumera imvi, ndipo yankho sanalipeze. Atabwera patchuthi chaka china anandiuza akuseka kuti makina atsopano, aang'ono ndi othamanga, nawonso akulephera pamalo omwewo.

Amayi anamwalira akukhulupirira kuti mwana wawo amaphunzitsa za nyengo. Ankauza aliyense choncho, ndipo mwanayo akabwera kumudzi, alimi ankayenda kuchokera ku Mbaha kudzamufunsa za mvula. Iye ankawayalira mphasa, n'kuyang'ana nawo mitambo ya kutsidya la nyanja.