Apongozi Anavula Mpango Pamsewu

Apolisi anagogoda m'mawa wa Lachiwiri, mvula yoyamba itangogwa, ine ndikunola khasu kuseri kwa nyumba. Inali nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Kwathu ku Domasi ndinali nditasunga bambo wina wothawa nkhondoyo, yemwe anagona m'khitchini mwathu mpaka chilonda cha kumwendo chitapola.

"Valani nsapato, abambo. Mukangoyankha mafunso basi," anatero wapolisi wamkuluyo.

Mkazi wanga anali woyembekezera. Anandipatsa jekete.

Funso linali limodzi: zigawenga za ku Mozambique ndimazitumizira chiyani? Ndinati munthuyo ndinampatsa phala ndi mphasa. Anafunsanso, m'njira zina. Khutu langa lakumanzere silimva kuyambira sabata imeneyo.

Sananditengere kukhoti. Ananditsekera m'ndende ina yosatalikirana ndi kwathu, ndipo athu analetsedwa kudzandiona. Tinkadzuka kusanache, kutaya ndowa za chimbudzi, kumwa phala lopanda mchere, kenako kumunda. Ndinkapemphera ndikulima, chifukwa m'selo munalibe pogwada.

Mundawo unali m'mbali mwa msewu. Tsiku la msika wa ku Songani mkazi wanga ankadutsa pamenepo, dengu la nthochi lili pamutu. Akafika pomwe tikulima ankaima, ngati akumanga bwino chitenje. Sitinkapatsana moni. Ndinkangoona kuti mimba ikukula, ndipo akuyenda yekha bwinobwino.

"Madala, maso pa khasu," msilikali wa ndende ankatero. "Abwana anu adutsa kale."

Chimanga chitayamba kumasula, mkazi wanga anasiya kudutsa. Ndinadziwa kuti nthawi yake yakwana. Misika inapita ingapo. Sindinkadziwa ngati ali moyo, iye kapena mwanayo, ndipo panalibe womufunsa.

Tsiku lina tikupalira ndinaona apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga, akubwera pang'onopang'ono atabereka khanda. Ine ndi iwo sitinkayankhulana maso ndi maso ngakhale kumudzi. Atafika pamalo paja anaima. Anavula mpango, ngati akufuna kupukuta thukuta. M'mutu munali mometa, monga timachitira maliro akatha.

Kenako anatembenuka kuti ndione kumsana kwawo, nayankhula kwa khandalo mokweza.

"Tonthola, mtsikana iwe. Mkaka wa mbuzi ukukukwana. Amako tinawaika bwino, pafupi ndi agogo awo. Abambo ako ali kumunda, abwera."

Mwanayo sankalira n'komwe.

"Mayi, pitani, si pa siteji pano," anatero msilikali uja. Anandiyang'ana, nayang'ana kumbali. Tsiku limenelo sanatchule za khasu. Ndinamaliza mzere wanga.

Ananditulutsa nkhondo ili pafupi kutha. Wa mu ofesi anati, "Pitani. Kuno simunabwereko." Jekete ija anati inasowa.

Sindinakwatirenso. Anthu amandifunsa ngati ndili ndi mkwiyo ndi asilikali aja. Sindidziwa zimene zinali m'mitima mwawo. Mulungu ndiye akudziwa. Ufulu umene ndinaupeza sunali waukulu monga ndinkauganizira m'selo. Unali wongokhala pakhonde popanda wondidzutsa, ndi kupita kumanda a mkazi wanga popanda kupempha.

Mwanayo ndinampeza akuyankhula kale. Masiku oyamba ankandisuzumira ali kuseri kwa nkhokwe. Madzulo ena anakoka chitenje cha apongozi.

"Agogo, alendowa apita liti?"

Apongozi anayankha akuyang'ana pansi.

"Awa sapita. Kawapatse madzi."