Mbala Yovala Khaki

Ndikamva fungo la khaki wositidwa ndi simbi yamakala, mpaka lero dzanja langa limafuna mpini.

Ndinali kamtsikana ku Dzoole nthawi ya Chitaganya, pamene alangizi a boma ankalipiritsa anthu chifukwa cha mizere yokhota. M'mawa wina kumunda kwathu kunafika bambo wovala khaki wonyezimira, chingwe choyezera chili m'manja. Anayeza mizere, n'kulamula chindapusa cha tambala mmodzi. Ine ndinkayesa kuti Chitaganya amene akuluakulu ankamutukwana uja ndi yemweyu.

"Amayi, a Chitaganya agwira tambala wathu!"

Amayi anakuwa kamodzi kokha, ndipo azimayi a minda yoyandikana anamuthamangira bamboyo ndi mipini, n'kuyamba kumumenya. Iye anagwada pakati pa mizere.

"Pepani amayi, sindine wa boma! Ndine mbala chabe ya ku Mponela, khakiyu ndangobwereka!"

"Mukadanena kale," anatero amayi, akumulanda tambalayo. "Mbala yanjala timaigawira mbatata. Wa boma ayi."

Bamboyo anachoka ndi mbatata ziwiri, malaya atang'ambika. Mizere yathu inakhalabe yokhota, ndipo yanga ndimailima choncho mpaka pano.