Tayirodi ya Kumanzere

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, chaka chomwe sukulu zinakhala zaulere, pamene ndinakayamba Sitandade 1 pakati pa tiana tondilekeza m'chiuno. Ndikaweruka ndinkatsuka pikapu ya amalume anga a Saidi, yomwe inkayenda matola pakati pa Benga ndi kuboma. Inali galimoto yokalamba, yonunkha usipa ndi dizilo, koma ndiyo inkadyetsa khomo lathu lonse.

Lachitatu lina amalume ali kumzikiti, ndinatenga makiyi kuti ndiyese kuyendetsa pabwalo. Tayala lakutsogolo lakumanzere linagunda chitsa cha mango, ndipo ndinamva pansi kuti gu! Galimotoyo ndinaibwezera pamalo pake, ndi kufafaniza ndi tsache pomwe matayala anaponda.

Lachisanu amalume anabwera kuchokera kuboma nkhope ili yosakondwa.

"Galimotoyi ikuyenda ngati yaledzera," anatero. "Chiwongolero ndikuchipotoza kwambiri matayala asanamve. Ndiye mawa inyamule mkwatibwi?"

Mkwatibwiyo anali mlongo wanga Asiyatu. Loweruka tinkamuperekeza kwa mwamuna wake ku Liwaladzi.

Amalume anayamba ndi zapafupi. Anapopa matayala onse. Anasuzumira masipuling'i ngati pali lothyoka. Anakankhira bokosi lakumbuyo kwa pikapu pansi ndi thupi lawo lonse kuti aone ngati lidumphadumpha. Kenako anandiyitana.

"Yusufu, msana wangawu sundilola kulowa pansi. Lowa iwe. Gwira tayirodi, kachitsulo kamene kamakoka tayala, pamfundo pakepo. Ine ndigwedeza chiwongolero. Ukamva kugogoda m'dzanja, unene."

Ndinagona chagada pamchenga wotentha. Kumanja mfundo inali nganganga. Nditagwira kumanzere, inagogoda m'chikhatho mwanga momveka bwino, kamphira kake katang'ambika, girisi atasakanikirana ndi mchenga. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ndi chitsa chija. Ndinadziwanso kuti ndikanena, adzafunsa chimene chinaigunda.

"Bwanji kumeneko?"

"Palibe, amalume."

"Wagwira bwinobwino? Kapena choko chakufewetsa kale manja?"

"Palibe kanthu."

"Alhamdulillah. Ndiye unali mpweya chabe."

M'mawa mwake tinanyamuka. Asiyatu anakana kukhala kutsogolo, anati akufuna kukhala ndi anzake kubokosi. Amayi odzaza galimoto ankayimba, atakhalira matumba a mpunga, ine nditaimirira kuseri kwa kabini nditagwira zitsulo. Lole ikatidutsa, pikapu inkapita uku ndi uku, amalume n'kuibweza movutikira.

"A Saidi, mukuvina nawo kodi?" anakuwa azakhali, anthu n'kuseka.

Ine sindinaseke nawo. Ndinati tikafika kuboma ndimenya denga kuti aime. Tinadutsa kuboma dzanja langa lili pachitsulo. Ndinati ndinena tisanafike pamlatho wa Bua. Pamlathopo ndinatseka maso, ndipo titaoloka ndinayamba kudzinamiza kuti mwina Mulungu wandibisa.

Tinasiya tala ndi kulowa msewu wafumbi. Tinkayenda pang'onopang'ono ndithu. Tayala lija linagwera m'dzenje, mfundo ija n'kuzuka. Galimoto inakhotera yokha kumanzere, n'kutsetserekera mu ngalande ndi kugona cham'mbali. Nyimbo inasanduka mfuu. Ambiri anangosupuka, koma mwendo wa Asiyatu unapanidwa ndi bokosi. Sanalire. Ankangoyang'ana diresi lake loyera likusintha mtundu.

Atamutulutsa ndi kumukweza pagalimoto ina, ndinaona amalume akugwada, ndi msana wawo womwewo, n'kusuzumira pansi. Anakhalitsa. Anthu akuchimuna anali atathamangira pamalopo, ndipo mkulu wina anawakalipira.

"Inu a Saidi, galimotoyi simunaiyang'ane musananyamule ana a eni?"

Amalume anadzuka pang'onopang'ono. Anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Ndinaiyang'ana ndekha," anayankha. "Kulakwa n'kwanga."

Kuyambira tsikulo anthu anasiya kukwera galimoto yawo ngakhale itakonzedwa. Pa Benga ankawanena kuti ndi dalaivala wopundula mwana wa mlongo wake. Anaigulitsa n'kuyamba kulima mpunga. Ine anapitiriza kundipatsa chakudya, kundigulira makope, osandifunsa kanthu kufikira tsiku limene tinawaika m'manda. Asiyatu anakwatiwabe, koma amatsimphina mpaka lero.

Ndinakhala nazo zaka zonsezi. Asiyatu akabwera kudzacheza kwathu, ndikamuona akupita kuchitsime akukoka mwendo, ndinkapatukira njira ina. Chaka chatha, imvi zitandidzaza mutu, ndinakwera basi kupita ku Liwaladzi. Ndinamupeza akupeta mpunga pakhonde, ndipo ndinamuuza zonse, kuyambira pachitsa. Sanasiye kupeta.

"Achimwene, amalume anandiuza ndili m'chipatala," anatero. "Anati tisakufunse, udzanena wekha. Ine ndimangoti kodi munthuyu abwera liti?"

Ndinkaganiza kuti ndinabisa chinsinsi. Tsopano ndikudziwa kuti anthu awiri amene ndinawapweteka ndiwo ankandisungira, akundidikira. Chimene ndinkaopa tsiku lija chinali mbama imodzi kapena ziwiri, ndipo ndikanaiwala sabata isanathe. Asiyatu ndamupepesa ali moyo. Amalume ndinachedwa nawo.