Chaka Chomwe Chitopa Chinatenga Mawanga

Ndikukumbukira thadzi langa loyamba, Mawanga, lomwe azakhali anandipatsa lili kamsoti. Kwathu ku Chamama linkaikira mazira m'chigafa, pakona ponunkhira fodya wa chaka chatha. Poyenda linkanyang'wa ngati mayi wa kwaya amene wasoketsa yunifolomu yatsopano, ndipo ngakhale galu wathu ankalipatsa njira.

Chitopa chinafika m'nyengo yotentha, tili kalikiliki kuthirira nazale kudambo. Chinayamba ndi atambala a kutsidya, kenako chinalowa m'khola mwathu. Nkhuku zinkangoima padzuwa zikusinza, mapiko ali pansi, chitosi chobiriwira. M'mudzi munangoti zii, moti m'mawa tinkadzuka mochedwa chifukwa panalibe wotidzutsa.

Amayi anakhala pakhonde, nasinja tsabola, nasakaniza ndi phulusa m'madzi. Ine ndinkagwira Mawanga pamiyendo panga, iwo n'kumatsegula mlomo wake ndi chala, kudonthezamo mankhwalawo. Thupi lake linkatentha ngati mwala wa padwale. Mtima wake ndinkaumva ukugunda m'manja mwanga. Khosi litayamba kupindikira kumbuyo, ndinafunsa ngati thadzilo lichire. Amayi sanandiyang'ane.

"Mwina tsabola ndinachepetsa, mwananga," anatero.

Linafa masana, anapiye ake akulizungulirabe. Abambo anati tilikwirire kuseri kwa nkhokwe, tisadye. Kwa zaka zambiri, nkhani ya nkhuku ikatuluka, amayi ankabwereza za tsabola uja ngati mlandu wawo.

Chaka chatha mwana wanga Tadala, amene akuphunzira za matenda a ziweto, anandifotokozera tikudonthezera nkhuku katemera m'maso. Akuti thupi linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo selo lililonse lili ndi njira yodzithetsera moyo likawonongeka. Kachilombo ka chitopa kakalowa, tizinthu take totchedwa mapuloteni timadzutsa njira imeneyo m'mapapo, m'matumbo, mpaka mu ubongo, maselo n'kumadzipha okha ambirimbiri. Ndinamufunsa ngati tsabola wochuluka akanathandiza. Anapukusa mutu.

Masiku ano kadontho kamodzi m'diso kamateteza nkhuku, ndipo zidzukulu zanga sizidziwa mudzi wopanda kulira kwa tambala. Ndimakondwera nazo. Koma amayi anatisiya katemerayu asanafike kwathu. Ndikanakonda nditakhala nawonso pakhonde paja, ngakhale kamphindi, ndiwagwire dzanja lonunkha tsabola lija, ndiwauze kuti sanachepetse kalikonse.