Msuzi wa matimati wa amalume a Stefano

Amalume anga a Stefano Simwaka anaphikira ansembe a ku Italy zaka 27 pamishoni ina kuno ku Chitipa. Ansembewo pobwerera kwawo anawasiyira sefuliya imodzi ndi zikomo wa pakamwa, "yewo chomene", basi. Kunyumba ku Lufita, akazi awo a Bessie sankawalola ngakhale kusonkheza moto. Ankati, "Mwamuna pamafuwa? Mukufuna anthu aziti ndinakudyetsani khuzumule?"

Tangoganizani, munthu mpaka imvi mbuu, m'banja mwake mulibe ndi mmodzi yemwe amene analawapo zophika zake. Chimenecho chinkawadya mumtima.

Tsiku limene akuchimuna ankabwera kudzakamba za ukwati wa mwana wawo Princess, amalume anakakamira. "Lero lokha, amake Princess. Alendo adziwe kuti bambo wa mtsikanayu ntchito yake inali yotani."

Anakabisala kuseri kwa nkhokwe ndi mbaula, ine ndikuona ndi maso angawa. Matimati anawaviika m'madzi otentha n'kuwasenda limodzilimodzi, njere n'kuchotsa. Adyo anamukazinga pang'ono m'mafuta m'sefuliya ija, osalola kuti apserere. Kenako matimati aja, kamchere, timasamba ta mpungabwe, moto wapansipansi. Ola lathunthu akutakasa, msana uli chopindika, mpaka msuzi unalimba, kufiira kuti psuu. Fungo lake, mayo ine! Atamaliza anavundikira n'kupita kukasamba.

Apo m'pamene azimayi odzathandiza kuphika anaipeza sefuliyayo. "Aa, matimati okhaokha? Kaphala aka kangakwane alendo onsewa?" Anathiramo madzi majagi awiri, anyezi wosapsa n'komwe, n'kukhuthulira mumphika wa nkhuku. Ine ndinafika zitatha kale. Ndinalalata mpaka mawu kusasa, koma madzi akatayika saoleka. Mpaka lero azimayi amenewo ndimawapatsa moni wa pakamwa chabe.

Nthawi ya chakudya amalume anakhala ndi alendo atavala jekete, maso ali kukhomo kudikira msuzi wawo. Kunabwera nkhuku ikusambira m'madzi ofiirira. Analawa kamodzi kokha n'kudziwa chimene chachitika.

Mkulu wa akuchimuna ananyambita zala nati, "Adada a Simwaka, muli ndi mwayi. Amama awa amaphika!"

Amalume anayang'ana akazi awo, amene anali atagwada pakhomo. A Bessie anaweramitsa mutu n'kuyankha mlendoyo kuti, "Yewo, adada."

Amalume anaitanitsa madzi n'kusamba m'manja, mbale yawo ikadali yodzaza.