Mafupa a Pansi pa Lilime

Ndinakwatiwa nthawi ya Chitaganya, kumudzi kwathu pafupi ndi Sinda. Amuna anga anachokera ku Vubwi kudzakhala chikamwini. Anali munthu wofatsa, wolimbikira khasu, koma akagona ankakukuta mano ngati wina akupera mchere pamwala. Ndikawauza m'mawa ankakana.

"Ine? Mumalota inu."

Komabe ankadzuka atagwira tsaya, akudandaula mutu. Akamatafuna chimanga chokazinga, nsagwada inkalira thethe pafupi ndi khutu, mpaka ine wokhala pambali kumva.

Amayi anga anati ndi njoka za m'mimba. Anaphika mizu yowawa n'kupatsira ine, poti mkamwini ndi apongozi ake sankayandikirana. Amuna anga anamwa chikho chonse mwaulemu, koma kukukutako sikunasiye.

Tsiku lina tikukumba nsawa, anayasamula kwambiri, pakamwa n'kukana kutsekeka. Amayi anali chapafupi. Amuna anga anawafulatira msanga ndi manyazi, malovu akuyenderera pachibwano, akundikodola ndi dzanja. Ndinawakhazika pamthunzi wa msuku n'kuyamba kuwasisita m'matsaya. Apo ndi pamene ndinaona tinthu totupa ngati nzama pansi pa lilime, m'kati mwa nkhama, uku ndi uku. Ndinakhudza ndi chala, tinali tolimba gwa. Nsagwada inabwerera yokha, koma ine mtima unali utachoka kale. Ndinali ndi pakati pa mwana woyamba, ndipo ndinkaganiza za umasiye.

"Tipite kuchipatala," ndinatero.

"Nanga nsawazi?"

"Nsawa sizithawa."

M'mawa mwake anandikweza panjinga ya amalume mpaka kuchipatala cha mishoni kufupi ndi Katete. Dokotala anawayang'ana m'kamwa, n'kuika zala pafupi ndi makutu awo, kuwauza kuti atsegule, atseke. Kenaka anatembenukira kwa ine, womasulira akutanthauzira.

"Kodi bambowa amakukuta mano?"

Ndinaseka mokweza, kuiwala kuti tili pa anthu. Ndinali nditapeza mboni.

Dokotala anati zotupazo ndi fupa chabe, si matenda, ndipo zimaoneka kawirikawiri mwa anthu oluma mano mwamphamvu. Kuluma komweko n'kumene kunkatopetsa nsagwada. Anawaonetsa mmene mano awo akutsogolo anaperesekera. Anati achepetse nzimbe ndi chimanga chokazinga, azithowa m'matsaya ndi nsalu yofunda, ndipo poyasamula azichirikiza chibwano ndi dzanja.

Titakolola tinapita ku Vubwi kukaona apongozi anga. Nditawafotokozera, anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Mwana wanga, mwapalasira njinga zimenezi? Taonani kuno."

Anatsegula pakamwa n'kukweza lilime. Mafupa awo anali aakulu kuposa a mwana wawo, ndipo lina linali kumwamba m'kamwamo, pakati penipeni.

"Ndakalamba nawo, ndipo sanandiletsepo kudya."

Chimanga chokazinga amuna anga sanachisiyiretu. Ankabisa pang'ono m'thumba la malaya popita kumunda, ine n'kumangokhala ngati sindikuona. Koma kuthowa kuja anakukonda. Tikaweruka kumunda ankatereka okha madzi, kukhala pakhonde, n'kundipatsa nsalu. Ndinkawathowa akundisimbira za kwawo, za azibale awo a tsidya la malire, za ng'ombe zimene tidzagule thonje likadzachita bwino. Mwana wathu anabadwa mvula itangoyamba, mtsikana wonenepa, ndipo mmera wa chaka chimenecho unali wabwino.